Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chaka chimene tinasonkhera akavalo

M'gawo lapita ndinakusiyani nditangopeza ntchito pakhola la akavalo ku Noordhoek, kum'mwera kwa Cape Town, nditatopa ndi maganyu a m'magadeni. Lero tilowe mu 2018, chaka chimene ntchitoyi inandilowa m'magazi.

Amene munali ku Cape Town nthawi imeneyo simungaiwale chilala chija. Madamu anaphwa, akuluakulu a mzinda ankachenjeza za tsiku lotchedwa Day Zero pomwe mipopi idzaume, ndipo kuyambira mu February munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Tsono kavalo wamkulu, dzuwa likaswa mtengo, amatha kumwa madzi oyandikira mlingo womwewo. Amafunanso udzu wouma wa makilogalamu pafupifupi 10 tsiku lililonse, ndipo msipu utapserera, mtengo wa udzu unakwera. Ife sitinavutike kwenikweni poti abwana anali ndi chitsime chawo komanso m'thumba munali kanthu. Ovutika anali akavalo odalira thandizo la anthu akufuna kwabwino.

N'chifukwa chake eni akavalo a m'dera lathu anagwirizana zokonza tsiku lotolera ndalama. Kunali mpikisano wolumphitsa akavalo, wolowa aliyense ankalipira. Amayi ankagulitsa makeke, abambo akuwotcha masoseji, ndipo zishalo zakale ankazigulitsa mopikisana mitengo, anthu akuponya ndalama mosangalala ngati pa perekaniperekani wa ukwati. Ine anandipatsa kavalo wamng'ono wofatsa kuti ndiziyendetsa ana mozungulira bwalo. Ife osamalira akavalo, ambiri Amalawi ndi a ku Zimbabwe, tinapangana kuti timakobiri tonse timene makolo angatipatse tsikulo tiponye m'thumba lomwelo.

Madzulo nditabwerera ku Masiphumelele, dera la nyumba zothithikana kufupi ndi Noordhoek, mnzanga wina wa ku Mangochi anandifunsa mosabisa mawu. "Achimwene, kwathu anthu akugona ndi njala, inu mukusonkhera nyama?" Funsoli silinali lachibwana, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukulifunsanso. Yankho lake ndinaliona ndi maso masabata otsatira, adona atanditenga kukaona kumene thandizo lotere limagwira ntchito.

Ku Constantia kuli bungwe la SARDA, limene linayamba mu 1973. Limakweza pa akavalo ana aulumali, ndipo anawo salipira kanthu. Mwana mmodzi amafuna anthu atatu: wina kutsogolo atagwira chingwe, awiri m'mbali kuteteza kuti asagwe. Ndinaona kamtsikana kena kobadwa ndi vuto la ubongo loumitsa ziwalo, lija madokotala amati cerebral palsy. Pokakweza, miyendo yake inali youma gwaa, yokanika kutambasuka. Kavalo atayenda pang'onopang'ono kwa kanthawi, miyendo ija inayamba kumasuka, msana n'kuwongoka, ndipo kamwanako kanayamba kuseka mokweza mpaka mayi ake anatembenuka kupukuta misozi.

Mayi wina wochititsa mafizo anandifotokozera chinsinsi chake. Kavalo akamayenda, msana wake umagwedeza chiuno cha wokwera kutsogolo, m'mbali ndi mozungulira, mofanana ndi mmene chiuno chimayendera munthu akamaponda pansi ndi miyendo yake. Mwana amene sanayendepo, thupi lake limalawa kuyenda. Minofu ya m'mimba ndi msana imalimba poyesa kukhazikika, ndipo kutentha kwa thupi la nyamayo kumafewetsa minofu youma. Mayiwo anandiuzanso za Lis Hartel wa ku Denmark, amene poliyo inamupha miyendo kuyambira m'mawondo kutsika, koma mu 1952 anapambana mendulo ya siliva pa Olimpiki ku Helsinki ali pa kavalo. Kupambana kwake kunalimbikitsa anthu ambiri kuyamba ntchito yotereyi m'mayiko osiyanasiyana.

Ndili pomwepo mtima unathamangira kwathu ku Dedza, kwa mwana wa azakhali anga amene ankangokhala pamkeka pakhonde tsiku lonse, anzake ali kusukulu. Tinkamukonda, koma palibe amene ankaganiza kuti thupi lake lingaphunzire kanthu kena. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Kavalo wonyamula mwana wotere ayenera kukhala wathanzi ndi wodekha. Wanjala kapena womva kuwawa chiboda amayenda motsimphina, sachedwa kudzidzimuka, ndipo sungamuike mwana pamsana. Ziboda zimafuna kusengedwa pakatha masabata ngati asanu ndi limodzi, mano amafuna kupalidwa, kulinso katemera ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Ndalama yogulira udzu ndi yomweyo imene imawongola msana wa mwana uja. Kuzilekanitsa sikutheka.

Koma chimene chinamufika pamtima mnzanga wa ku Mangochi ndi nkhani ya akavalo okoka ngolo a ku Cape Flats, chigawo china cha mzinda wa Cape Town. M'madera ngati Bonteheuwel muli mabanja amene amadya chifukwa chotola zitsulo zakutha pangolo n'kukagulitsa. Bungwe la Cart Horse Protection Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995, lili ndi chipatala cha akavalowa ku Epping. Limawaveka zitsulo za kuziboda, kuwapatsa mankhwala, kugulitsa chakudya chawo motsika mtengo, komanso kudzudzula osenzetsa katundu wopyola muyeso. Mkulu wina woyendetsa ngolo anandiuza kuti kavalo wake akadwala, m'nyumba mwake simufuka utsi. Mawu amenewa ndinawamva msanga, chifukwa kwathu ndinakula ndikuona abulu akukoka ngolo ali ndi zilonda pakhosi, eni ake osadziwa kolowera, ndipo bulu akafa ana ankasiya sukulu.

Mnzanga uja sananene zambiri, koma mwezi wotsatira anandiperekeza. Ine kuyambira pamenepo tsiku langa lopuma ndinkalipereka kukagwira chingwe kutsogolo kwa kavalo, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi mmisiri wa ziboda amene anavomera kundiphunzitsa ntchito yake. Za mkulu ameneyu, ndi mmene mapepala anga okhalira ku Joni anatsala pang'ono kusokoneza zonse, ndidzakufotokozerani m'gawo 15.