Wasakaniza 8 ndi 5

Lachiwiri madzulo mwana wanga wamkazi, yemwe ali Sitandade 2, anandipeza pakhonde atanyamula kope lake. "Adadi, taonani, ndasakaniza 8 ndi 5 ndapeza 13." Samuyo anaikhoza, ndiye ine ndinangomuyamikira. Koma amayi anga, omwe abwera kuchokera ku Ntcheu kudzacheza nafe mwezi uno, anaseka mpaka kuika pansi lichero la nyemba zomwe ankasankha.

"Iwe, manambalawo ndi ufa kodi? Wawasakaniza ndi mthiko uti?"

Mwana anachita manyazi nkundiyang'ana kuti ndimuthandize. Ndinamuuza kuti pa masamu timati kuphatikiza. Anafunsa kuti nanga zikusiyana pati, poti zonse ndi kuika zinthu pamodzi. Apa mpamene ndinakakamira. Mawu awiriwa ndimawanena tsiku lililonse osalakwitsa, koma kuti ndifotokoze kusiyana kwake ndinayamba ndakanda m'mutu.

Ndaliganizira funsoli sabata yonse, ndipo pomwe ndafika ndi apa. Zomwe waphatikiza zimakhala zikuonekabe, ungathe kuzilekanitsanso. Mbuzi zanga ndi za mlamu wanga tikaziphatikiza m'khola limodzi, kukacha aliyense aloza zake. Ngakhale 13 uja, ukachotsera 5, 8 wako abwerera ali bwinobwino. Mawuwa ndi pachibale ndi kuphatika, monga kuphatika chithunzi pakhoma: china chabwera pa chinzake koma chilichonse chili momwe chinalili. Nchifukwa chake pa wailesi amati anthu khumi, kuphatikizapo ana atatu. Koma ukasakaniza ufa woyera ndi mgaiwa, basi zatha. Palibe sefa yomwe ingakubwezere ufa wako woyera. Ena amati kusanganiza, makamaka akuluakulu ndi alaliki, koma tanthauzo ndi lomwelo.

Nditawafotokozera amayi zimenezi, anangoti, "Ee, koma kukhitchini sitisakaniza chilichonse ayi." Ndipo amanena zoona. Ndinakhala pampando panja kuwaonerera akuphika nsima tsiku lotsatira, ndikumvetsera zomwe amamuuza mdzukulu wawo. Madzi atafunda anathira ufa pang'ono nkumupatsa mwana mthiko: takasa. Kutakasa ndi kwa zinthu zamadzimadzi, dzanja limangozungulira mopepuka, cholinga nkuti ufa usakhale pansi nkupanga timibulu. Phala litabwata kwa kanthawi anamulanda mthikowo, poti zotsatirazo si za mwana. Dzanja lina likuwaza ufa, lina likuvundula, poto atamupana kuti asagwedezeke. Kuvundula kumafuna mphamvu za paphewa, mthiko umachokera pansi kukankhira nsima m'mbali mwa poto. Munthu akati akutakasa nsima yolimba, udziwiretu kuti mudya yosapsa. Mawu omwewa a kuvundula ndi amene timanena ng'ombe zikalowa pachitsime nkudzutsa matope, komanso munthu akadzutsa nkhani yomwe anthu anaiwala kale. Chomwe chinakhazikika pansi chabwera pamwamba.

Ndiwo za tsikulo zinali nkhwani. Sanati tisakanize nkhwani ndi nsinjiro. Anati titendere. Mawu amodzi okhawo anyamula zonse, masamba, nsinjiro ndi kaphikidwe kake, moti ukamva kuti ndiwo ndi zotendera sufunsanso kuti muli chiyani. Ufa wa mandasi amakanda. Shuga mu tiyi amasungunuka, ndipo paketi ya Thanzi ORS amaisungunula m'lita imodzi ya madzi abwino mwana akatsegula m'mimba. Sobo ukamuchulutsira madzi amasukuluka, ndipo kunyumba kwathu kukabwera alendo ambiri amasukuluka ndithu. Mchere ukalowa bwino m'ndiwo timati wakolera. Pa thobwa amathira chimera m'phala litazirala pang'ono, nkulisiya ligone. Mawu onsewa ali ndi dzanja lake, chiwiya chake ndi nthawi yake.

Ine kusakaniza kwenikweni ndinakuphunzira pa ganyu, osati kukhitchini. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinagwira miyezi ingapo ngati wothandizira mmisiri wina womanga nyumba ku Lilongwe kuno. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndikonze matope. Ndinathira mawilibala a mchenga pansi, ndinang'amba thumba la simenti la makilogalamu 50 nkukhuthulira pamwamba, kenako ndinathamangira ndowa ya madzi. Mkuluyo anakuwa ali pamwamba pa khoma.

"Mphwanga, waphatikiza chabe pamenepo! Sakaniza kaye zili zouma!"

Anatsika nkundionetsa. Umatembenuza ndi fosholo mulu wonse kuusamutsira mbali ina, nkuubwezanso, kawiri katatu, mpaka usaonenso kuti apa ndi mchenga apa ndi simenti, mtundu ukhale umodzi wotuwa. Ukatero umakumba kadzenje pakati ngati chitsime, nkumathira madzi pang'onopang'ono uku ukugwetsera m'mbali mkati. Ukafulumira madzi, simenti imaundana malo amodzi, kwina nkukhala mchenga wokhawokha, ndipo khomalo ukalikanda ndi chala limayoyoka. Mkuluyo analinso ndi mawu ena pa dothi la njerwa. Limenelo ankati timaponda, chifukwa ndi mapazi amene amagwira ntchito m'nkhuti. Mpaka lero ndikaona pulasitala ikugwa pa nyumba yatsopano ndimadziwa kuti wina anaphatikiza chabe.

Chodabwitsa nchakuti mawu omwewa akafika pamsika amasanduka mlandu. Mwezi wathawu ndinagula mpunga kwa mayi wina amene analumbira kuti ndi Kilombero weniweni wochokera ku Karonga. Pamwamba pa thumba unalidi wautali, wonunkhira. Titauphika, theka linapsa, theka lili gwa. Mkazi wanga anatapa wosaphika m'dzanja nkuuyala pambale: nayu wautali, nayu wamfupi wonenepa, nayu wosweka. "Akusakanizira," anatero, nkubwerera kukhitchini. Kachidutswa kakuti -ira kameneko ndi komwe kamapweteka, chifukwa kakusonyeza kuti anachitira iweyo dala. Mkaka wosakaniza ndi madzi, uchi wosakaniza ndi shuga, mafuta a galimoto osakaniza ndi parafini, nkhani yake ndi imodzi: chotchipa chabisala m'chodula, ndipo chabisala chifukwa sichingalekanitsidwe. Wogulitsa wachilungamo amaika milu iwiri payokhapayokha, nkukuuza kuti mukatenga yonse ndikuphatikizirani mtengo.

Kumunda zinthu zimatembenukanso. Alangizi amalimbikitsa ulimi wa kasakaniza, chimanga ndi nandolo kapena nyemba m'munda umodzi. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, salimbana ndi chimanga, mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo masamba ake akayoyoka amabwezera chonde m'nthaka. Amayi amalima choncho kuyambira kale, alangizi asanabwere ndi dzina. Koma mwa lamulo langa lija, kumeneku kukanayenera kukhala kuphatikiza, poti pokolola chimanga chimapita kwake, nandolo kwake. Ndinawafunsa. Anati ukaima pamsewu nkuyang'ana mundawo mu Febuluwale, kodi umaona mizere iwiri kapena chinthu chimodzi chobiriwira? Ndinavomera, ngakhale mumtima ndikuona kuti lamulo langa labooka pang'ono. Pa manyowa a Mbeya palibe mkangano. Madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono amazisakaniza ndithu, kuwaza madzi, nkumanga m'thumba masiku 21.

Anthu nawo ali ndi mawu awo. Awiri okangana timawayanjanitsa, zipani zimachita mgwirizano, mawaya a magetsi ndi amene timalumikiza. Ndipo pali liwu lina lomwe agogo anga aamuna ankalitchula atakwinya nkhope: chitaganya. Ankanena za nthawi ija, kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene dziko lino, lomwe linkatchedwa Nyasaland, analiika pamodzi ndi Northern Rhodesia (Zambia) ndi Southern Rhodesia (Zimbabwe) pansi pa boma limodzi lomwe likulu lake linali ku Salisbury (Harare), anthu akuno asakufuna. Ndili mwana ndinkayesa chitaganya ndi matenda. Masiku ano liwuli limamvekanso anthu akamakambirana zoti zigawo za dziko lino zizidzilamulira pa zinthu zina, koma ine ndikalimva ndimaona nkhope ya agogo ija. Chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963, maiko atatuwo nkubwerera lililonse palokha. Mwa lamulo langa lija, ndiye kuti anangophatikiza.

Chomwe chimandidandaulitsa pang'ono ndi ife a m'tauni. Tapeza liwu limodzi, kumikisa, ndipo talisenzetsa katundu yense. Simenti tikumikisa, ufa wa mandasi tikumikisa, nyimbo pa ukwati akumikisa, ngakhale chipisi ndi kabichi. Sindidana ndi mawu obwereka, ine ndemwe ndanena fosholo ndi wilibala pamwambapa. Koma fosholo inabwera ndi chinthu chomwe tinalibe. Kumikisa sikunabwere ndi kanthu, kwangothamangitsa kutakasa, kuvundula, kukanda ndi kutendera, mawu omwe amamuuza munthu chochita ndi dzanja lake. Ukamuuza mwana kuti mikisa phala, sadziwa ngati azungulize mopepuka kapena akankhe ndi mphamvu. Mwana wanga uja anati wasakaniza manambala chifukwa m'nyumba mwathu ife makolo ake sitisiyanitsanso. Mlanduwo ndi wanga.

Dzulo m'mawa ndinamumva ali kukhitchini ndi agogo ake, akukonza phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Anaimirira pa kampando, mthiko uli m'manja, nkukuwa dala kuti ndimve kuchipinda: "Adadi, ndikuphatikiza phala!" Amayi anamuopseza ndi chipande, onse awiri akuseka. Kenako ndinamva mawu a amayi atatsika: "Takasa msanga iwe, likugwirira pansi."