Bakkie yanga yadzuka, vuto linali kafloat ka m'kabuleta

Lero m'mawa ndatembenuza kiyi kamodzi kokha, injini n'kulira osatsokomola. Ndaisiya ikulira pabwalo kuno ku Turffontein, ku Joni, mpaka yatentha bwinobwino, kenako ndazungulira nayo mpaka ku Rosettenville, ndaima pa maloboti asanu, sinazime ngakhale kamodzi. Achimwene amene mwakhala mukundifunsa, masiku 11 ndakhala ndikudikira tsiku limeneli.

Kwa amene simukuidziwa, ndi Nissan 1400, injini ya A14 ija ya ma pushrod ndi tcheni. Zinkapangidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria mpaka 2008 pamene anazisiya n'kubweretsa NP200. Yangayi ndinaigula kwa mdala wina wa ku Durban, ndipo dzina la Durban limeneli ndi lomwe linandisocheretsa.

Ikakhala yozizira inkalira bwino. Ikangotentha, pa loboti iliyonse inkafa, petulo akununkha m'kabini monse, kumbuyo utsi wakuda. Ndikamasula mapulagi, onse anayi ali bii ndi mwaye. Ndinangoti basi ndaligwira vuto. Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja, mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndiye kabuleta yozolowera kunyanja ikafika kuno imathira petulo wochuluka kuposa mpweya womwe ikukoka. Zimenezi n'zoona, koma sindiye anali matenda ake. Masiku anayi ndinathera pa sikuluu ya mixture, yomwe imatchera kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, kulowetsa, kutulutsa, osasintha kanthu. Ndinatembenukira ku moto wa ku mapulagi. Ma points atsopano ndinawaika pa 0.5 mm, condenser yatsopano, mawaya a mapulagi ndinawalondola kawiri kuti ali 1-3-4-2, ma valve ndinawatchera pa 0.35 mm injini ili yotentha. Loweruka inandifera pa Booysens Road, mataxi akuimba mabelu kumbuyo, mpaka anyamata awiri akumudzi omwe ankadutsa anandithandiza kuikankhira pambali. Tsiku limenelo mtima unandiwawa kwambiri, ndinafika poganiza zoigulitsa.

Lachiwiri usiku ndinatsegula boneti ndi tochi ya foni, injini ikulira, ndikungoyang'ana. Kabuleta ya Hitachi imeneyi ili ndi kagalasi kutsogolo kwa chikho cha petulo, pakati pake pali kadontho kosonyeza pomwe petulo ayenera kulekezera. Kagalasiko kanali kakuda ndi mafuta akalekale, sindinakapukutepo chigulireni galimotoyi. Nditapukuta ndi chala ndinaona petulo wadzaza mpaka pamwamba, kadontho kamira. Ndinazimitsa, ndinamasula, n'kutulutsa float, kachoyandama komwe kamakankha singano yotseka petulo chikho chikadzaza. Nditaigwedeza pafupi ndi khutu ndinamva tchuku tchuku, petulo ali m'kati mwake. Ndinaiviika m'kapu ya madzi otentha ndipo tinthovu tinayamba kutuluka pamsoko pomwe anaiwotcherera, kabowo kosaoneka ndi maso. Float yolemera siyandama, singano sitseka, petulo amangosefukira. Injini yozizira imafuna petulo wambiri, n'chifukwa chake m'mawa inkabisa vutolo, ikatentha n'kutsamwa.

Float ina ndinaipeza kwa madala anga aja a pa Jules Street ku Malvern, omwe amasunga tizidutswa ta makabuleta akale m'zitini za khofi. Anagwira yobowoka ija, anaiyeza padzanja, n'kupita molunjika pa chitini chake. Ndi omwewo anandipezera distributor nthawi ija tinkadzutsa Citi Golf ya alamu anga, ija tinaithera miyezi itatu n'kupita nayo ku Polokwane osavuta. Anthu otere akutha, ndipo ndikamapita kumeneko sindifulumira kuchoka.

Msuweni wanga, makaniko wa ku Midrand yemwe amagwira ntchito ndi laputopu tsiku lonse, nditamufotokozera anati achimwene mukuzunzika dala, galimoto ya injection ilibe float, sensa imayeza mpweya yokha, kompyuta n'kuchepetsa petulo kaya muli ku Durban kaya kuno. Sindikumutsutsa. Pa nkhani ya mtunda kompyuta imaposa kabuleta kutali, petulo imamwa wochepa, ndipo m'nyengo yozizira ya June imalira osakoka choke. Bakkie yangayi ilibe airbag, ilibe ABS, ndipo ana anga sindiwakweza pa msewu waukulu wa N1. Izi ndikunena ndi mtima wonse.

Koma kagalasi kaja sikakuchoka m'mutu mwanga. Munthu wina ku Japan anakhala pansi n'kuganiza kuti tsiku lina mwini galimoto adzafuna kuona petulo ndi maso ake, n'kumuikira zenera ndi kadontho. M'boneti mwa A14 muli malo, mkono umafika pa sitata, pa filita ya oyilo, pa pampu ya petulo, ndipo zambiri umamasula ndi sipanala ya 10, 12 ndi 14. Galimoto zina zomwe msuweni wanga amakonza, kuti asinthe babu la kutsogolo amayamba wachotsa bampala. Kompyuta ya injini ikafa nthawi zambiri saitsegula, amagula ina n'kuilumikiza ndi kiyi pa makina omwe munthu wamba alibe. Kwa ine, amene anajambula galimoto zakalezi ankakumbukira mwiniwake wokhala ndi bokosi limodzi la zida pansi pa mtengo, ndipo pamenepo ndimati anapanga bwino kuposa a lero. Vuto langali linali poonekera kuyambira tsiku loyamba, linkangofuna chala chopukuta.

Ntchito ikadalipo. Pansi pa batire pali dzimbiri lomwe labowola chitsulo, kilachi ikugwirira pamwamba, ndipo mapulagi ndiyenda nawo sabata imodzi ndione mtundu wake ndisanakhudze ma jet, timabowo ta m'kabuleta todutsa petulo. Ndikufuna kuipenta yoyera monga inatulukira ku fakitale, mwina ndi kugwetsa gearbox ndione mkati. Cholinga changa ndi December, ndiilongedze katundu ndiuyambe wa ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukalowera pa Mwanza mpaka ku Ndirande kwa mayi. Blantyre ili pa mamita opitirira pang'ono 1,000 ndipo Tete ndi kuchigwa kotentha, ndiye amene munayendapo njira imeneyi ndi galimoto ya kabuleta yotcheredwa kuno ku Joni, tandiuzani ngati munasintha ma jet panjira kapena munangoisiya choncho.