Msana ukakana wodi: momwe timachotsera namwino pa ntchito yolemera kuno ku Chigwa cha Shire

Namwino wovutika ndi msana, mawondo kapena wochitidwa opaleshoni akatifunsa nzeru, choyamba timamuletsa kulemba kalata yosiya ntchito. Ukatula pansi udindo m'boma kapena ku CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kubwereranso pa ndandanda wa malipiro kumavuta, pomwe ntchito zambiri za unamwino sizifuna kunyamula munthu. Chimene chimamuchotsa mu wodi ndi mapepala, ndipo ali ndi ndondomeko yake.

Timayamba ndi lipoti la dotolo, ndipo ambiri amaphonya pomwepa. Kakalata kongoti "apatsidwe ntchito yopepuka" sikathandiza, chifukwa matroni amakamasulira mmene angafunire, ndipo pakatha masabata awiri mwabwerera pa nayiti ku leba. Timapempha dotolo alembe malire enieni: osanyamula choposa makilogalamu akutiakuti, osaima nthawi yoposa yakuti, osawerama nthawi yaitali, osakwera njinga yamoto, ndi kuti malirewo ndi a miyezi ingati kapena ndi osatha. Pakhalenso tsiku lodzaonedwanso. Ngati kiliniko wa mafupa pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje waona kuti vuto ndi lalikulu, pemphani akutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre, popeza lipoti la katswiri limamveka kwambiri ku ofesi. Ekisire ndi makadi a fiziyo muwajambulitse. Musapereke oyambirira kwa aliyense.

Ngati munavulalira pa ntchito, mwachitsanzo pokweza wodwala pa tirole, nkhaniyo ilembedwe tsiku lomwelo ndipo inchaji asainire. Lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000 limadutsira ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ndipo kumeneko amafuna umboni woti ngoziyo inachitikiradi pa ntchito. Wokumbukira patatha chaka amapeza mboni zake zinasamutsidwa kalekale.

Kenako timalemba kalata yopempha kusinthidwa malo, yopita kwa mkulu wa anamwino ndi azamba wa boma, a DNMO, kudzera kwa inchaji ndi matroni. M'kalatamo musangodandaula. Tchulani malo awiri kapena atatu amene mungagwire ndi maphunziro amene muli nawo kale. Sungani kope lodindidwa chidindo ndi deti. Ngati muli membala wa NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, auzeni oimira bungweli kalatayo isanapite, osati zinthu zitavuta kale.

Tsono malo ake ndi ati? Kiliniki ya ma ARV ndiyo timayamba kuiganizira: ntchito yake ndi yokhala pansi, ya masana, yolangiza, kupereka mankhwala, kutenga magazi a viral load (oyezera kuchuluka kwa HIV m'thupi) ndi kulemba makadi, koma imafuna satifiketi ya maphunziro ake. Kiliniki ya shuga ndi BP ili chimodzimodzi. Za kulera n'zabwino pa jakisoni, mapilitsi ndi kuika implanti pa mkono. Koma lupu ndi kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, VIA ija, zimakuweramitsani tsiku lonse. Wa msana wa m'munsi asazivomere popanda mpando wokwera ndi kutsika komanso bedi lokwera bwino. Sikelo ya amayi oyembekezera imaoneka yopepuka, koma kupima mimba makumi asanu pa bedi lalifupi n'kuwerama kokhakokha.

Msampha waukulu kuchigwa kuno ndi udindo wa ukodineta. Amakuuzani kuti mukakhala mu ofesi, ndinu woyang'anira za malungo, katemera kapena uchembere wabwino. Zoona zake n'zakuti theka la ntchitoyo ndi kuyendera zipatala zazing'ono: Chapananga, Makhuwira, Ndamera, Makhanga, pa misewu yokumbika, nthawi zina pa njinga yamoto, madzi akasefukira pa boti. Onjezani kutentha kwa October ku Ngabu, kopitirira madigiri 40, ndi misasa ya anthu othawa madzi ngati ya nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, pomwe aliyense wovala yunifolomu ankaitanidwa. Musanavomere funsani kuti maulendo ndi angati pa mwezi, ndipo mudzayenda pa chiyani. Udindo woyang'anira kapewedwe ka matenda pa chipatala chimodzi, kapena kuwunika malipoti ndi DHIS2 (pulogalamu ya pa kompyuta yosungira ziwerengero za zaumoyo) limodzi ndi a HMIS, ofesi yosunga ziwerengerozo, ulibe vuto limeneli, bola muzidziwa kompyuta ndi Excel.

Vuto lina ndi la pa health centre pomwe anamwino ndi awiri okha. Pamenepo ntchito yopepuka kulibe, ngakhale kalata inene chiyani. Mayi akabwera ndi matenda usiku mnzanu atachoka, mudzuka ndinu. Choncho pempho likhale losamukira pa chipatala cha antchito ambiri, monga pa boma, Ngabu, kapena kwa a CHAM ku Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona. Dziwaninso kuti kuchoka pa nayiti kumachepetsa mwayi wa lokamu, ntchito yoonjezera yolipidwa padera, ndiye muwerengeretu bajeti ya pakhomo.

Kunja kwa wodi kuli njira zitatu zimene timaziona zikuyenda. Uphunzitsi: ku Muona kuli koleji ya anamwino ya Trinity, koma makoleji amafuna namwino wa digiri, ndiye wa dipuloma ayambe waganiza zokweza maphunziro ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) kapena ku Mzuzu University, atapempha tchuthi cha maphunziro mwalamulo. Wophunzitsa ana a sukulu mu wodi amaimabe nthawi yaitali. M'kalasi ndi mu skills lab, chipinda chophunzirira luso la unamwino, ndimo mopepuka. Kafukufuku: a Malawi-Liverpool-Wellcome ali ndi malo awo ku Chikwawa, ndipo ntchito yotere ndi yofotokozera anthu asanasaine, kutenga magazi ndi kudzaza mafomu mosalakwitsa. Satifiketi ya GCP, ya malamulo oyendetsera kafukufuku wa pa anthu, imapezeka mwaulere pa intaneti, itengeni musanafunsire. Koma ndi ntchito ya kontrakiti, kafukufuku akatha nayonso yatha. Yachitatu ndi Chipatala cha pa Foni, cholangiza anthu za umoyo pa foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011. Olangiza ake amakhala ku Lilongwe, ndiye n'kusamuka ndithu.

Zonsezi zimafuna layisensi yamoyo. Khonsolo ya anamwino ndi azamba imafuna kuti muikonzenso chaka ndi chaka, ndi mapointi a CPD, maphunziro opitiriza a pa ntchito, ngakhale muli pa tchuthi chodwala. Pitani ku ma CPD a pa chipatala panu, buku lisainidwe tsiku lomwelo, risiti musunge.

Kupuma pa ntchito chifukwa cha matenda timakusiyira kumapeto. Kumadutsira ku medical board, gulu la madotolo lounika ngati munthu angapitirize ntchito, ndipo ikagamula kuti simungagwirenso ntchito, kubweza n'kovuta. Musanasaine chilichonse, pitani kwa a HR akuwerengereni pa pepala zaka zimene mwagwira ndi ndalama zimene mudzalandire, kenako muziyerekeze ndi malipiro a zaka zimene zatsala mutakhala pa tebulo la ma ARV.