Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tikiti ya ku Joni

Tikiti ya ndege anandigulira ndi alamu anga. Achemwali masiku awo ochira anali atayandikira, ndipo ankafuna munthu wakwawo pafupi, osati wongoganyulidwa ku Joni komweko. Amayi atamva zoti ndikwera ndege anaika chipande pansi.

"Ndege ayi, mwana wanga. Ukwere basi ngati anzako onse."

Mantha awowo sanali opanda mutu. Iwo anakula nthawi ya Wenela, amuna akupita kumigodi pa ndege. Mu 1974 ndege ina ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi chifukwa cha ngoziyo. Kwa amayi, ndege ya ku Joni inali yomweyo basi, ngakhale padutse zaka zingati.

Ndinawawerengera ulendo wa basi: kutuluka pa Mwanza kapena pa Dedza, kuwoloka Zambezi ku Tete, mzere wa pa Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge pamene anthu amagona chiimirire pasipoti ili m'manja. Masiku awiri amatha munthu uli panjira. Achemwali angadikire zimenezo? Amayi anangoti, "Upite, koma upemphere usanakwere."

Chimene chimandisekeretsa mpaka lero n'chakuti chigawo cha ulendowu chimene chinadya nthawi yaitali chinali cha m'Malawi momwe muno. Kuchoka pa depoti ya Mzuzu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 350, koma basi inadya maola oposa asanu. M'Chikangawa munali nkhungu yoti dalaivala ankangoyenda chokwawa, nyali zili choyaka masana. Pa Jenda tinaima anthu akugula tomato ndi mbatata pawindo, pa Kasungu tinaimanso. Ndinatsikira pa Lumbadzi msana utauma, poti bwalo la ndege la Kamuzu lili chakonko, usanalowe mumzinda.

Tsono kuchoka pamenepo kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500 mumlengalenga, kuwirikiza kanayi mtunda wa ku Mzuzu uja. Ndege yosaima pena paliponse imatenga maola awiri ndi theka okha, chifukwa ikakwera pamwamba pa mitambo imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndipo kumwambako kulibe zigumula kapena rodibuloko. Zina zimayamba zatera pa Chileka kutenga a ku Blantyre, ndiye nthawi imatalikirako.

Ponyamuka makutu anga anatseka. Mayi wina amene ndinakhala naye, wa geni ya zovala, anandipatsa chingamu n'kuti, "Tafunani asisi, atseguka." Anatsegukadi. Ndisanamalize n'komwe kuona bwino pawindo, anali atatilanda kale timbale tachakudya, akutiuza kuti timange malamba. Wotchi sindinaikhudze, nthawi ya ku Joni ndi ya kwathu ndi imodzi.

Pa bwalo la OR Tambo ndinatuluka ndi kajuzi kamodzi, ndikudzitama kuti wa ku Mzuzu saopa chisanu. Unali mwezi wa June, ndipo Johannesburg ili pamtunda kuposa Mzuzu. Mano anayamba kugundana ndisanawaone alamu. Iwo atandipeza sanafunse n'komwe za ulendo.

"Mlamu, tiyeni msanga. Achemwali anu alowa m'chipatala m'mawa uno."

Za kuchipatalako ndikuuzani m'gawo lotsatira.