Kaboti kanga kasamukira pa seva

Abale lero mtima wanga wakhala pansi. Kaboti kanga, kapulogalamu kogula ndi kugulitsa kokha ndalama ya pa intaneti ya Bitcoin, ndakasamutsira pa seva, kompyuta yomwe imakhala yoyaka usana ndi usiku, yoyendera sisitimu ya Ubuntu. Kale kamayendera pa laputopu konkuno ku Nchalo, koma ndi kutentha kwa Okutobala makina amachita kuwotcha manja, magetsi akangothima basi zonse zii, tsiku lina ndinadzuka oda ya malonda idakali yotsegula mtengo wa Bitcoin utagwa kalekale, zinandiwawa zedi. Pano ndalemba kafayilo ka systemd, pulogalamu yoyatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena pa seva, ndaikamo Restart=always, kakagwa kamadzuka kokha, ndapanganso systemctl enable kuti seva ikayaka nako kazingoyamba. Mmawa ndimangoona journalctl, yomwe imaonetsa malipoti a momwe kabotiko kayendera, pafoni ndikumwa tiyi. API key, kiyi yomwe kabotiko kamalowera mu akaunti yanga yamalonda, ndaitsekera zotapa ndalama, ikungogula ndi kugulitsa basi.