Sabata yokonza pologalamu yotseka 2024

Lolemba abwana anandiitana kuofesi, akuti pologalamu yotsekera chaka pawailesi pathu ili m'manja mwanga, maola awiri, ndiikemo zikuluzikulu zonse zomwe zachitika pa nyimbo za mu Africa. Poyambira anali atasankha kale, Tyla basi. Ndipo nzomveka, mtsikana wa ku Johannesburg uja mu February anatenga Grammy ya Best African Music Performance ali ndi zaka 22 zokha, mphoto yake inali yatsopano ndipo ankalimbirana ndi akuluakulu ngati Burna Boy, Davido ndi Ayra Starr. Amapiano nawo chaka chonse sanatipumitse, kuyambira kuzikwati za ku Katoto mpaka m'mabala a ku Chibavi kuno ku Mzuzu.

Lachiwiri ndi Lachitatu kunali kudula nyimbo pakompyuta, mvula ili wawawa padenga, magetsi kuzimazima. Ndinapatulanso mphindi zochepa za Toumani Diabaté wa ku Mali, katswiri wa kora, chida choimbira cha zingwe, yemwe anamwalira mu July, ngakhale anyamata a mu situdiyo ankangofunsana kuti ameneyo ndi ndani.

Zinthu zinatembenuka Lachinayi titatsegula mafoni kuti omvera anene okha chomwe akukumbukira chaka chino. Aliyense Soja, Soja, kunena Lucius Banda. Amayi ena a ku Mchengautuwa anayamba mu Chichewa kenako anangolowa mu Chitumbuka mawu akunjenjemera, akuti mwana wanga June uja sitidzamuiwala, pa 10 ndege ya a Chilima kugwa pompano pa Chikangawa, misozi isanaume pa 30 tikumva kuti Lucius Banda watisiya kuchipatala ku Johannesburg. Ine pamenepo mahedifoni ali kumutu ndinasowa chowayankha, chifukwa nanenso ndinakula ndi makaseti a gulu lake la Zembani, ndipo munthu ameneyu kuchokera pa chimbale chake cha 1994 anatiyankhulira zomwe ena ankaopa kunena, mpaka kutiyambitsira Sand Music Festival.

Lachisanu tinalimbana ndithu ndi abwana. Iwo akuti achinyamata akufuna zovina, ine ndikuti bwana, omwe akuimba foni si achinyamata omwewo? Wina anali wakabaza wa ku Luwinga, zaka zake sizikufika ndi 25 zomwe. Mapeto ake anavomera, ola loyamba la Soja, lachiwiri Tyla, Onesimus, Driemo ndi ena onse.

Chomwe chandiwawa ndinachipeza posaka nyimbo zakale za Soja. Zina tili nazo pa makaseti okha m'kabati, atachita nkhungu ndi chinyezi cha ku Mzuzu kuno, ndipo za a Wambali Mkandawire, munthu wathu wa kumpoto konkuno yemwe anatisiya mu 2021, zili m'kabati momwemo. Loweruka pologalamu inauluka bwinobwino, mafoni osaduka mpaka nthawi kutha. Ndapempha kale wailesi ya kaseti kwa atekinishani athu, Lolemba ndikuyamba kuzisamutsira pakompyuta tepi isanaduke.