Lachinayi: kusaka pothawira madzi a Corolla

Ulendo wa ku Blantyre lero walephereka. Corolla yanga yakale ija yayamba kumwa madzi: ndikathira m'mawa, pofika madzulo kachigubu kam'mbali kamakhala katatsika. Ndi dzuwa la Okutobala lino, pomwe kuno ku Chigwa kutentha kumapitirira madigiri 40, sindikanayerekeza kukwera nayo mapiri a ku Thabwa. Tonse timawaona magalimoto ataima m'makona muja, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo.

Ndinalawirira kwa amakanika anga pa Nchalo, aja amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa nimu. Sanathamangire kutsegula chitsekerero cha rediyeta. Anati, “Achimwene, khalani pansi izizire kaye, madzi amenewa amasupula khungu.” Itazizira anayamba ndi chimene chinkandisowetsa tulo, gasiketi ya pamutu pa injini, imene ikapsa madzi amalowa mu oyilo kapena m'masilinda. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyilo ali bwinobwino, osati wotuwa ngati tiyi wamkaka. Analiza injini n'kusuzumira pakamwa pa rediyeta, thovu panalibe. Ku ekizozi nako sikunkatuluka utsi woyera. Apo mtima unakhala pansi.

Kenako anamangirira pakamwa pomwepo kampope koyezera mphamvu ya mpweya, n'kupopa mpaka 0.9, nambala yolembedwa pa chitsekerero. Muvi wa geji unayamba kubwerera pang'onopang'ono. Tinagwada mbali ya malamba, tochi ili m'manja, ndipo tinaliona dontho likukula kunsi kwa wotapampu, pampu yozunguliza madzi mu injini, pa kabowo kakang'ono kamene opanga anaikapo dala kuti silo, chotchinga madzi cham'kati mwa pampuyo, ikatha madzi azitulukira pamenepo. Kuzungulira kabowoko panali poyanga zoyera zosakanikirana ndi dzimbiri. Injini ikatentha dontho lotere limauma lisanafike pansi, n'chifukwa chake pakhomo sindinkaona ponyowa. Atachotsa lamba n'kugwedeza pule, kagudumu ka pampuyo kamene lamba amazunguza, inkachita gwedegwede.

Bambo wina amene ankadikira njinga yake yamoto anati tingothira dzira laliwisi kapena fodya wopera mu rediyeta, zitseka. Amakanika anakana, ndipo ine ndinagwirizana nawo kwathunthu. Zimenezo zimakatseka timapaipi ting'onoting'ono ta rediyeta, pomwe silo yakutha imakhalabe yakutha. Za kuchotsa thermostat, kavavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, zomwe ambiri kuno amachita poganiza kuti injini izizizira, sitinazilolenso. Tinaiviika m'madzi owira, inatseguka, tinaibwezera.

Mnyamata wawo anakwera kabaza kukatenga pampu yatsopano. Yakale ija itatuluka ndinaigwira m'manja ndipo inandimvetsa chisoni. Mapiko ake anali atadyeka, ena atatsala timizu tokha. Galimotoyi yakhala zaka zambiri kuno ikumwa madzi a pa mjigo, ndipo mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere. Mchere umenewo umadya chitsulo m'kati mwakachetechete, mwini galimoto n'kumangoona kuti madzi ndi oyera. Titatsuka, zimene zinatuluka mu rediyeta zinali zofiirira, zamatope.

Madzi akalewo tinawakhetsera m'beseni chifukwa mbuzi zinali pomwepo. Coolant, mankhwala amene amasakanizidwa ndi madzi a mu rediyeta, amatsekemera, ziweto zimanyambita, koma ndi poizoni.

Tathiramo coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, aja opanda mchere, osati asidi. Potulutsa mpweya wotsalira m'mapaipi tinasiya rediyeta yosatseka, hita itatsegulidwa mpaka kumapeto, injini ikulira mpaka fani inazungulira. Thukuta linali kamukamu, koma ukadumpha zimenezi mpweya umatsekereza madzi ndipo geji imakweranso.

Chakumadzulo ndinaiyesa mpaka pa mlatho wa Kamuzu n'kubwerera. Geji inakhala pakati osasuntha. Chatsala ndi paipi yapansi ya rediyeta, yafewa kwambiri pafupi ndi kilampu. Pa Nchalo sinapezeke, ndiye ndatuma mlamu wanga andigulire ku Limbe, ibwera pa minibasi Loweruka.